Njovu, Agalu ndi Nkhuku Zithandiza Kumvetsa Khansa Imene Ivutitsa Makomboni a Lusaka

LUSAKA. M'komboni ya Chaisa, kumpoto kwa mzinda wa Lusaka pafupi ndi Mandevu ndi Marapodi, mulibe njovu. Muli agalu oyendayenda m'tinjira ndi nkhuku za mazira zosungidwa kuseri kwa nyumba. Koma akatswiri ofufuza zacilengedwe anena kuti nyama zimenezi, pamodzi ndi njovu za ku Luangwa, zili ndi mbali ya yankho la funso limene mabanja ambiri amafunsa pa maliro: n'cifukwa ciyani khansa igwira munthu uyu n'kusiya uyo, ndipo n'cifukwa ciyani itenga mayi amene akali kulera ana?

Funsoli si laling'ono. Bungwe lofufuza za khansa la IARC, limene lili pansi pa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, linayerekezera kuti m'caka ca 2020 anthu oposa 13,000 anapezeka ndi khansa muno m'Zambia, ndipo oposa 8,000 anamwalira nayo. Pa khansa zonse, imene inaculuka kwambiri ndi ya khomo la ciberekero, imene ena amaichula kuti khansa ya cibaliro. Inagwira azimayi oposa 3,000 m'caka cimeneco, ndipo pafupifupi 1,900 anamwalira.

Kwa zaka zambiri khansa inali kuphunziridwa ndi madokotala okha. Tsopano akatswiri a nyama, nsomba ndi tizilombo nawonso alowamo. Iwo afuna kudziwa mmene khansa yaumbira moyo wa zamoyo m'mibadwomibadwo: kukula kwa thupi, msinkhu woyambira kubereka, ciwerengero ca ana, ndi utali wa moyo.

Maselo ophwanya pangano

Thupi la munthu lili ndi tizigawo ting'onoting'ono tochedwa maselo, toposa mathiriliyoni 30. Maselowa amakhala monga mudzi wa malamulo. Selo lililonse limagawikana pokhapokha ngati thupi lifuna, limadya cakudya ca muyeso wake, limakhala pamalo pake, ndipo likawonongeka limadzipha lokha kuti anzake apulumuke.

Khansa imayamba pamene selo limodzi laphwanya pangano limeneli. Nthawi iliyonse selo likamagawikana, limakopera malangizo ake acibadwa ochedwa majini, ndipo pokopera pamakhala zolakwika zina. Zolakwika zambiri sizivulaza. Koma zikaunjikana m'majini olamulira kagawikanidwe, selo limayamba kuswana mosaleka, kulanda cakudya ca anzake ndi kusamukira m'ziwalo zina.

M'caka ca 1976, katswiri wa ku America Peter Nowell anafotokoza kuti m'kati mwa cotupa ca khansa mumacitika mpikisano wofanana ndi umene umacitika m'chire. Maselo amene aswana msanga ndi kuzemba citetezo ca thupi ndiwo amaculuka, ndipo ofooka amatha. Cotero cotupa cimasintha m'kupita kwa miyezi ndi zaka, ndipo cimene dokotala apeza lero sicifanana ndi cimene cikanapezeka zaka ziwiri zapitazo. Ici ndiye cifukwa cacikulu cimene khansa yopezeka msanga imacizika mosavuta kuposa yopezeka mocedwa.

Matendawa si acilendo, ndiponso sanabwere ndi moyo wa m'tauni. M'caka ca 2016 akatswiri analengeza kuti anapeza khansa pa fupa la phazi limene linafukulidwa kuphanga la Swartkrans ku South Africa, la zaka pafupifupi 1.7 miliyoni. Khansa imapezekanso mu nsomba, mbalame, njoka ndi nkhono za m'nyanja. Camoyo ciliconse ca maselo ambiri cili ndi vutoli, ndipo mtundu uliwonse unapeza njira yakeyake yolimbanirana nalo.

Cinsinsi ca njovu

Ngati selo lililonse lingathe kupanduka, ndiye kuti nyama ya maselo ambiri ndi moyo wautali iyenera kudwala khansa kwambiri kuposa yaing'ono. Katswiri wa ku Oxford Richard Peto anaona m'caka ca 1977 kuti zinthu sizili conco. Munthu ali ndi maselo oculuka kuwirikiza pafupifupi 1,000 kuposa mbewa, ndipo amakhala ndi moyo zaka zoculuka kuwirikiza pafupifupi 30, koma mwayi wodwala khansa pa moyo wonse susiyana kwambiri pakati pa awiriwa.

Njovu ndiyo citsanzo coonekeratu. Yamphongo yaikulu imafika makilogalamu 6,000, ndipo njovu imatha kukhala zaka 60 kapena kuposerapo. Gulu la akatswiri lotsogoleredwa ndi dokotala wa khansa ya ana Joshua Schiffman wa ku Utah linalengeza m'caka ca 2015 kuti pa njovu zosungidwa zimene imfa zake zinalembedwa, zosakwana 5 pa 100 zilizonse ndizo zinafa ndi khansa. Kwa anthu, ciwerengeroco cili pakati pa 11 ndi 25 pa 100 alionse.

Gululi linapeza cifukwa cimodzi m'jini yochedwa TP53. Jini imeneyi ili ngati mlonda wa selo. Ikaona kuti malangizo a selo awonongeka, imaletsa seloyo kugawikana mpaka akonzedwe, ndipo ngati sangakonzeke, imalamula kuti life. Munthu ali ndi mlonda mmodzi wotere, m'makope awiri ocokera kwa atate ndi amayi. Njovu ya mu Africa ili ndi alonda pafupifupi 20. Pamene maselo a njovu ndi a munthu anawonongedwa dala m'nyumba yofufuzira, a njovu anadzipha pa mlingo woposa wa munthu kuwirikiza kawiri. Njovu sitaya nthawi ndi selo lokayikitsa.

Kufunika kwa mlondayu kumaonekanso mwa anthu obadwa ndi kope limodzi lokha logwira nchito, vuto lochedwa Li-Fraumeni. Ambiri a iwo amadwala khansa, kawirikawiri akali ana kapena acinyamata.

Kafukufuku wina wa m'caka ca 2025, amene anayerekezera mitundu 263 ya nyama, anawongolako mfundo ya Peto. Anaonetsa kuti mitundu ya matupi aakulu imadwalako khansa kuposa yaing'ono, koma mitundu imene inakula thupi mofulumira m'mbiri yake, monga njovu, inapezanso citetezo coonjezera, cotero imadwala moceperapo kusiyana ndi mmene kukula kwake kukanafunira.

Thupi silingagule zonse

N'cifukwa ciyani mbewa ilibe alonda 20? Akatswiri ayankha kuti citetezo cili ndi mtengo wake. Mphamvu zimene camoyo cipeza m'cakudya ziyenera kugawidwa patatu: kukula, kubereka, ndi kukonza thupi. Zimene zapita kumodzi sizingapitenso kwina, monga mmene ndalama ya lendi singagulenso thumba la unga.

Mbewa ya m'munda ili ndi adani ambiri: kadzidzi, njoka, mphaka, ndi anyamata okumba mauna m'cigawo ca Kum'mawa. Mbewa zambiri sizikwanitsa caka. Mbewa imene ingaononge mphamvu zake podziteteza ku khansa ya muukalamba ingadyedwe isanakalambe, ndipo ingasiye ana ocepa kuposa inzake imene inafulumira kuswa. Cotero m'mibadwo yambiri, mbewa zoswa msanga ndizo zinatsala. Zikasungidwa m'nyumba zofufuzira kumene kulibe adani, zimafika zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo zambiri zimafa ndi khansa.

Njovu ili mbali inayo. Yaikazi imayamba kubereka ili ndi zaka zoposa 10, imakhala ndi bere miyezi 22, ndipo imabereka mwana mmodzi pakapita zaka zinayi kapena zisanu. Njovu imene yafa ndi khansa ili ndi zaka 15 yasiya mwana mmodzi kapena osasiya n'komwe. Kwa nyama yotere, citetezo camphamvu cimabweza mtengo wake.

Pali kanyama kena kang'ono kamene katsimikizira mfundoyi. Ku Kenya, Ethiopia ndi Somalia kuli mfuko yopanda ubweya imene kukula kwake n'kofanana ndi mbewa, koma imakhala zaka zoposa 30 ndipo sidwala khansa kawirikawiri. Popeza ikhala pansi pa nthaka kumene adani safika msanga, moyo wautali ndi wotheka, ndipo citetezo cili ndi phindu. M'caka ca 2013 akatswiri Vera Gorbunova ndi Andrei Seluanov anaonetsa kuti maselo a mfukoyi amatulutsa madzi onanda amene amaletsa maselo kuunjikana.

Mbale wa mfuko imeneyi ali konkuno. M'minda yozungulira Lusaka muli mfuko imene akatswiri amaichula Fukomys anselli, dzina locokera ku liwu lakuti mfuko ndi kwa W. F. H. Ansell, amene analemba za nyama za m'dziko lino. Ikasungidwa imatha kufika zaka 20. M'caka ca 2006 akatswiri Philip Dammann ndi Hynek Burda analengeza cinthu cosayembekezeka: m'banja la mfukozi, zimene zimabereka zimakhala ndi moyo wautali kuwirikiza kawiri kuposa zosabereka. Izi zisonyeza kuti lamulo la kugawa mphamvu siligwira nchito mofanana m'zamoyo zonse, ndipo mfuko ya ku Lusaka ikali kuphunziridwa cifukwa ca ici.

Khansa ikafulumizitsa kubereka

Umboni wamphamvu wakuti khansa ingasinthe moyo wa mtundu wonse wa nyama unacokera ku cilumba ca Tasmania, kum'mwera kwa Australia. Kumeneko kuli nyama yodya nyama inzake, yaikulu ngati kagalu, yochedwa Tasmanian devil. M'caka ca 1996 nyamazi zinayamba kuoneka ndi zotupa kumaso. Zinapezeka kuti maselo enieniwo a khansa ndiwo anali kudumpha kucoka pa nyama imodzi kupita pa inzake zikalumana, makamaka pa nyengo yokwerana. Nyama yogwidwa inali kufa m'miyezi yocepa, ndipo m'madera okhudzidwa ciwerengero cinatsika ndi pafupifupi 80 pa 100.

Kale zazikazi zinali kuyamba kubereka zili ndi zaka ziwiri, n'kubereka kwa zaka zitatu. Khansayo itafika, zambiri sizinali kupitirira zaka zitatu. Katswiri Menna Jones ndi anzake analengeza m'caka ca 2008 kuti ciwerengero ca zazikazi zobereka zili ndi caka cimodzi cabe cinakwera kuwirikiza 16. Mbali ina ya cifukwa cake ndi yakuti zazikulu zitafa, cakudya cinaculukira zazing'ono, ndipo zinakula msanga. Kenaka m'caka ca 2016 kunapezeka kuti m'mibadwo inayi mpaka isanu ndi umodzi yokha, majini okhudza citetezo ca thupi anali atayamba kusintha m'nyama zotsalazo.

Zofanana zinaoneka mu tinchenche ta zipatso. Kafukufuku wa m'caka ca 2017 anaonetsa kuti tatikazi timene tinayambitsidwa khansa ya m'matumbo tinafulumira kuikira mazira kuposa tinzake tabwino. Thupi limene nthawi yake yafupika limathamangitsa mphamvu zotsala ku kubereka.

Anthu a ku Chaisa safunika kupita ku Tasmania kuti aone khansa yopatsirana. Galu amene amatuluka magazi kumalo obisika, ndi kanyama kofiira kotupa ngati kolifulawa, kawirikawiri amakhala ndi khansa imene agalu amapatsirana pokwerana. Imapezeka kwambiri kumene agalu amayenda momasuka osafulidwa. Gulu la Elizabeth Murchison wa ku Cambridge linaonetsa kuti maselo a cotupaci si a galu wodwalayo. Ndi a galu mmodzi amene anafa zaka masauzande zapitazo, ndipo akhala akusamuka kucoka pa galu kupita pa galu mpaka kufika m'makontinenti onse okhala anthu ambiri.

Mosiyana ndi ya ku Tasmania, khansa ya agaluyi siipha msanga. Akatswiri aganiza kuti m'zaka masauzande, maselo amene anali kupha galu mofulumira anafera pamodzi naye, ndipo ofatsa ndiwo anapitirira. Siigwira anthu, ndipo madokotala a ziweto amaiciritsa ndi jekeseni wa vincristine wobayidwa kamodzi pa mlungu kwa milungu ingapo.

Walira mvula walira matope

Nkhuku ya m'chire ya ku Asia, kholo la nkhuku zonse zoweta, imaikira mazira ocepa pa caka, osapitirira 20. Nkhuku ya mazira ya masiku ano imaikira pafupifupi 300. Dzira lililonse likatuluka limang'amba kakhungu ka thumba la mazira, ndipo maselo amagawikana kuti atseke balalo. Cotero nkhuku zimenezi zikasungidwa kupitirira zaka ziwiri, zambiri zimadwala khansa ya thumba la mazira, mwakuti akatswiri amazigwiritsa nchito pophunzira khansa yofananayo mwa azimayi. Anthu posankha nkhuku zoikira kwambiri anasankhanso khansa mosadziwa. Khansa imeneyi siipita kwa munthu wodya mazira.

M'caka ca 1957 katswiri George Williams anafotokoza kuti jini imene ithandiza camoyo kubereka cikali cacing'ono idzafalikira ngakhale itavulaza muukalamba, cifukwa pofika nthawi yovulazayo ana amakhala atabadwa kale. Kafukufuku wa mabanja a ku Utah, wofalitsidwa m'caka ca 2012, anapeza kuti azimayi obadwa caka ca 1930 cisanafike amene anali ndi majini olakwika a BRCA, oyambitsa khansa ya m'mawere, anabereka ana pafupifupi awiri kuposa anzawo. Kafukufuku wa m'maiko ena sanapeze zofanana nthawi zonse, ndipo mtsutso ukalipo.

Za khansa ya m'mawere, umboni ndi wokhazikika. Dokotala wa ku Italy Bernardino Ramazzini analemba m'caka ca 1713 kuti matendawa anali oculuka pakati pa asisitere, amene sabereka. Cifukwa cake cinadziwika pambuyo pake. Mwezi uliwonse mkazi akasamba, mahomoni amacititsa maselo a m'mawere kugawikana. Katswiri Beverly Strassmann, amene anakhala pakati pa anthu a mtundu wa Dogon ku Mali, anawerengera kuti mkazi wa kumeneko amasamba pafupifupi ka 100 pa moyo wake wonse, cifukwa zaka zambiri amakhala ndi pakati kapena akuyamwitsa. Mkazi wa ku America amasamba pafupifupi ka 400.

M'caka ca 2002, akatswiri ataphatikiza kafukufuku 47 wocokera m'maiko 30, anapeza kuti ngozi ya khansa ya m'mawere imatsika ndi pafupifupi 4 pa 100 pa miyezi 12 iliyonse yoyamwitsa, ndi 7 pa 100 pa mwana aliyense wobadwa.

Moyo wa azimayi a m'Zambia nawo ukusintha. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo anaonetsa kuti m'caka ca 1992 mkazi mmodzi anali kubereka ana 6.5 pa avareji, ndipo pofika 2018 ciwerengeroco cinatsika kufika pa 4.7, cocepa kwambiri m'matauni. Anthu akukhalanso ndi moyo wautali: zaka zoyembekezeka pobadwa zinali pafupifupi 45 m'caka ca 2000, ndipo zinapitirira 60 pofika 2019. Zonse ziwirizi ndi citukuko, koma zitanthauza kuti khansa ya m'mawere, ndi ya prostate mwa azibambo acikulire, zidzaonekera kwambiri.

Izi sizitanthauza kuti kubereka ana ambiri ndi mankhwala. Kuyamba kugonana ndi kubereka pa msinkhu waung'ono, ndiponso kubereka kambiri, kumakweza ngozi ya khansa ya khomo la ciberekero, imene ipha azimayi ambiri muno kuposa ya m'mawere. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Njira iliyonse ili ndi ngozi yake, ndipo cofunika ndi kudziwa ngozi imene ili pa njira imene munthu ayendamo.

Tuzirombo togonetsa mlonda

Khansa zambiri za m'dziko lino zimayamba ndi tuzirombo. M'caka ca 1958 dokotala Denis Burkitt anafotokoza khansa yotupitsa nsagwada za ana ku Uganda. M'caka ca 1961 anayenda ulendo wa makilomita pafupifupi 16,000 m'zipatala za kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, kuphatikizapo Northern Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo anapeza kuti matendawa anali m'madera otentha ndi a mvula yambiri, kumene malungo ndi oculuka. Pambuyo pake kunadziwika kuti malungo obwerezabwereza amathandizana ndi kacirombo ka Epstein-Barr poyambitsa khansayo.

Kuno ku Lusaka, m'caka ca 1983, dokotala wa opaleshoni Anne Bayley wa pa cipatala ca UTH anaona kuti khansa ya pakhungu ya Kaposi yasintha khalidwe. Kale inali kugwira azibambo kumapazi ndi kukula pang'onopang'ono. Tsopano inali kugwira amuna ndi akazi acinyamata thupi lonse ndi kupha m'miyezi yocepa. Lipoti lake la 1984 linali limodzi mwa zizindikiro zoyamba za Edzi m'cigawo cino ca Africa. Kacirombo koyambitsa Kaposi, kamene kanapezeka m'caka ca 1994, kamakhala mwa anthu ambiri osawadwalitsa. Ndi pamene HIV yafooketsa citetezo m'pamene kamapeza mpata. Mankhwala a ma ARV, amene anayamba kuperekedwa kwaulere m'makiliniki a Lusaka m'caka ca 2004, amabwezeretsa citetezoco.

Khansa ya khomo la ciberekero imayamba ndi kacirombo ka HPV kopatsirana pogonana. Harald zur Hausen wa ku Germany anapeza mitundu yake iwiri yoopsa, 16 ndi 18, m'zaka za 1983 ndi 1984, ndipo iwiriyi ndiyo imayambitsa pafupifupi 70 pa 100 za khansa zimenezi. Kacirombo kameneka kamafuna selo logawikana kuti kaswanemo. Cotero kamatulutsa puloteni imene imawononga mlonda yemwe uja wa TP53, amene njovu ili naye 20 ndipo munthu ali naye mmodzi. Mwa anthu ambiri thupi limacotsa kaciromboka pasanathe zaka ziwiri. Kakakhalitsa, maselo opanda mlonda amaunjika zolakwika, ndipo khansa imayamba patapita zaka 15 mpaka 20. Mwa mayi amene ali ndi HIV ndipo samwa mankhwala, zingatenge zaka 5 mpaka 10 cabe. WHO inalengeza m'caka ca 2020 kuti azimayi a HIV ali pa ngozi yoposa anzawo kuwirikiza 6.

Mlondayu ali ndi mdani winanso m'nkhokwe. Cimanga ndi nshawa zosauma bwino zimamera nkhungu yotulutsa poizoni wochedwa aflatoxin. M'caka ca 1991 akatswiri anapeza kuti zotupa za m'ciwindi za odwala a kum'mwera kwa Africa ndi ku China zinali ndi cilema pa malo amodzimodzi a jini ya TP53, cilema cimene poizoniyu amapanga. Ngozi imakula kwambiri mwa munthu amene alinso ndi kacirombo ka hepatitis B, kamene katemera wake analowa m'ndondomeko ya katemera wa ana muno m'caka ca 2005. Mu Ogasiti 2024, Unduna wa Zaumoyo unacenjeza za aflatoxin m'mitundu ina ya unga wa cimanga, agalu pafupifupi 400 atafa.

Zimene mzinda wacita

Khansa ikatenga mayi wa zaka 35 kapena 40, imakhudza mbadwo wotsatira. Akatswiri a IARC anawerengera kuti m'caka ca 2020 ana oposa 1 miliyoni padziko lonse anataya amayi awo cifukwa ca khansa, ndipo gawo limodzi mwa magawo atatu a anawa linali mu Africa. Pafupifupi theka la imfazo zinacokera ku khansa ya m'mawere ndi ya khomo la ciberekero. M'komboni monga Chaisa, kumene azimayi ambiri amadyetsa mabanja ndi malonda a pa msika, imfa yotere imatanthauza mwana wosiya sukulu ndi ambuye okalamba oyambiranso kulera.

Zaka 15 mpaka 20 zimene HPV imatenga ndi mpata waukulu. Mu Januwale 2006, Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi UTH ndi bungwe la CIDRZ unayambitsa pulogalamu yopima khomo la ciberekero m'makiliniki a boma mu Lusaka, motsogoleredwa ndi madokotala Groesbeck Parham ndi Mulindi Mwanahamuntu. Nchitoyi inafalikira m'makomboni monga Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George, kenaka m'zigawo zonse za dziko. Namwino amapaka viniga pa khomo la ciberekero, ndipo maselo oyamba kusintha amaoneka oyera. Ngati malowo ndi aang'ono, amawonongedwa tsiku lomwelo asanasanduke khansa. M'zaka zaposacedwa kwawonjezeka njira yopima kacirombo ka HPV kenikeniko.

Mu Julayi 2007, Pulezidenti Levy Mwanawasa anatsegula cipatala ca Cancer Diseases Hospital pafupi ndi UTH. Cisanamangidwe, ofunika cithandizo ca makina owotcha khansa anali kutumizidwa kunja kwa dziko, ndipo ocepa okha ndiwo anali kupeza mwayiwo.

Katemera wa HPV anayesedwa m'cigawo ca Lusaka kuyambira 2013, anafika m'dziko lonse m'caka ca 2019 kwa atsikana a zaka 14, ndipo m'caka ca 2023 anaperekedwa kwa atsikana a zaka 9 mpaka 14. Amagwira bwino nchito akaperekedwa mtsikana asanayambe kugonana, ndipo saletsa kubereka. Colinga ca WHO n'cakuti pofika 2030, atsikana 90 pa 100 akhale atalandira katemera, azimayi 70 pa 100 atapimidwa, ndipo 90 pa 100 opezeka ndi vuto atalandira cithandizo. Bungweli lilangiza kuti azimayi ayambe kupimidwa ali ndi zaka 30, ndipo amene ali ndi HIV ayambe ali ndi zaka 25.

Maphunziro a zacilengedwe akhudzanso kaciritsidwe. Anthu a m'dziko lino akumbukira mmene chloroquine analekera kugwira nchito pa malungo, mpaka boma linasinthira ku Coartem m'zaka za 2002 ndi 2003. Mankhwala anapha tuzirombo tofooka, ndipo tolimba tinatsala n'kuswana. Maselo a khansa amacita cimodzimodzi. Dokotala Robert Gatenby ndi anzake a ku Florida analengeza m'caka ca 2017 zotsatira zoyamba za njira yoyesera pa khansa ya prostate yofalikira kale, imene dokotala amaimitsa ndi kuyambitsanso mankhwala motsatira zopima za magazi, kuti maselo omvera mankhwala apitirize kupondereza osamvera. Njirayi ikali kufufuzidwa. Wodwala amene asiya yekha mankhwala pakati amapereka mpata kwa maselo olimba.

Madokotala alangiza kuti munthu apite ku kiliniki akaona zizindikiro izi: kutuluka magazi pambuyo pogonana kapena mayi atasiya kale kusamba, ukazi wonunkha wosatha, kabulu m'bere kapena m'khwapa, madontho akuda otupa pakhungu kapena m'kamwa, kuvutika kumeza, kuvutika kukodza mwa azibambo acikulire, ndi kutupa kwa nsagwada kapena mimba mwa mwana. Khansa ya khomo la ciberekero ikamayamba simveka kuwawa, n'cifukwa cake mayi afunika kupimidwa ngakhale adzimva bwino.

Anamwino amadziwa kuti azimayi ena amacita manyazi kupimidwa, ndipo ena amayamba apita kwa asing'anga poganiza kuti alodzedwa. Mwambi uti mbewa yamanyazi inafera kuuna. Njovu inatenga zaka mamiliyoni kuti ipeze alonda ake. Mayi wa ku Chaisa, Kanyama kapena George angapeze citetezo cake m'mawa umodzi, pa kiliniki ya boma imene ili pafupi naye.